Tsiku Limene Chifuwa Changa Chinaimitsidwa pa Boda

Pali ulendo umodzi wa ku Chipata umene ndinanyamuka ndili mayi wolemekezeka, koma ndinabwerako ndili nkhani yocheza madalaivala. Ndakhala ndikuubisa zaka zonsezi. Lero ndikuuzani, chifukwa amene akanandiseka kwambiri anatsogola kale, ndipo otsalawo mano anatha, kuseka kwawo sikupweteka.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene mkazi sankayerekeza kuvala buluku kapena diresi loonetsa maondo, ndipo mumsika unkalowa utaonetsa khadi la chipani. Ine ndinkagulitsa mandasi pa Boma ku Mchinji. Amuna anga, bambo a Yohane, ankagwira ntchito pa boda, kulembera madalaivala a magalimoto akuluakulu mapepala a katundu. Ana tinali nawo asanu, onse oyamwa mpaka kuthamanga, ndipo womaliza uja ankayamwa ngati wauzidwa kuti mawa kulibe.

Ndisabise mawu, chifuwa changa chinali chitapuma pa ntchito. Ndili mtsikana kwathu ku Ludzi zinthu zinali njo, moti ndikamapita ku chitsime anyamata ankaiwala kumene amalowera. Koma pofika nthawi imene ndikunenayi, zonse zinali zitagona pansi, zili lende ngati patapata. Ine sizinkandidetsa nkhawa. Amayi anga anali choncho, azakhali anga choncho, ndipo chitenje chimabisa zambiri.

Nkhawa inayamba pamene bambo a Yohane anayamba kugona ku boda. Kale ankapalasa njinga madzulo aliwonse kubwera kunyumba. Kenaka kunayamba kuti lero magalimoto achuluka, mawa tayala laphwa, mkuja bwana wati tidikire lole ya ku Lusaka. Ine ndinkangoti chabwino, ntchito ndi ntchito. Wondichotsa chimbuuzi m'maso anali Nangozo, mnzanga wa geni amene ankawoloka malire pafupipafupi, kupita ndi shuga ndi sopo, kubwera ndi zitenje.

"Amake Yohane," anatero tsiku lina atakhala pa benchi yanga, "ine si wamiseche, mukundidziwa." (Munthu akayamba choncho, siyani zimene mukuchita, khalani pansi.) "Koma amuna anu aja sakuonda ayi. Akudya pa lesitilanti ya mayi wina pa boda paja. M'mawa pomwepo, masana pomwepo."

"Nanga adye kuti? Pansi pa lole?"

"Kudya adye. Koma mayiyo munamuona? Chifuwa chake chimalowa m'nyumba iye akadali pa khonde."

Ndinaseka, koma mandasi a tsiku limenelo anapserera. Ndinachita mantha, ndinene zoona. Sindinali mkazi woti ndikachite ndewu pa lesitilanti ya eni, komanso sindinkafuna kubwerera ku Ludzi ndi ana asanu ndi poto wokazingira. Amuna angawo ndinkawakonda, ndi mphuno yawo yaikuluyo.

Nangozo yemweyo ndiye anabwera ndi mankhwala. Anati mdzukulu wa achemwali ake ankagwira ntchito kwa dona wina ku Lusaka, ndipo donayo anapita ku Joni kukachitidwa opareshoni ya mabere. "Kumeneko dokotala amakufunsa ngati uli m'sitolo," anatero. "Mukufuna tikweze, kapena tiwonjezere? Ukati kwezani, amadula chikopa chotsala, n'kusoka, ako omwewo n'kuimirira. Ukati wonjezerani, amang'amba n'kuikamo timatumba, umatuluka uli wina."

"Ndiye ine ku Joni ndikafika ndi mandasiwa?"

"Ayi, ife tili ndi Joni wathu wa amphawi. Amayi Tembo, telala wa mumsika ku Chipata. Alibe mpeni, ali ndi makina osokera basi. Amasoka kamisolo wa waya pansi ndi malamba olimba, ameneyo ndi wokweza. Amasokanso wa matumba oikamo siponji, ameneyo ndi wowonjezera. Musankhe nokha."

Abale, ndinavutika ndi funso limeneli kuposa mmene ndinavutikira posankha mwamuna. Ana akapita kusukulu ndinkatseka chitseko, n'kuimika kagalasi kathu pawindo, n'kunyamula katundu wanga ndi manja awiri kuti ndione mmene zingakhalire. (Kagalasiko kanali kakang'ono, kometera ndevu, ndiye ndinkayenera kuona mbali imodzi, kenaka inayo.) Kukweza kunkaoneka chilungamo: ndi zanga zomwe, ndangozithandiza kudzuka. Kuwonjezera kunali bodza lenileni. Koma mtima wina unkati, kodi munthu amapita ku nkhondo ndi chilungamo chokha? Wondilangiza panalibe. Nkhani yotere sungapite nayo kwa ansembe, ndipo anamkungwi athu sanatiphunzitsepo za waya.

Ndinanyamuka ndisanasankhe. Ndinadikira tsiku limene bambo a Yohane anati apita ku Lilongwe kukasiya mapepala, kuti asandione ndikudutsa pantchito pawo. Cholinga changa chinali chakuti adzangoona Lamlungu, tikupita ku Misa, mtima udzawagunde wokha.

M'mawa pa boda panali mayi wina wa kasitomu amene ankandidziwa bwino, chifukwa akabwera pa Boma ankagula mandasi kwa ine. Anali munthu wodekha, wa maso oona zonse.

"Mayi a mandasi! Lero mwatulukira kuno?"

"Eya, ndikukaona azakhali ku Chipata. Sakupeza bwino."

"Pepani. Muyende bwino." Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi monga ankachitira ndi aliyense, n'kudinda chiphaso changa. Ine sindinaganizeko kanthu za kuyang'anako.

Ku Chipata ndinakumana ndi Nangozo, ndipo Amayi Tembo tinawapeza kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma, m'kachisakasa kotchinga ndi nsalu. Anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, wosadabwa ndi chilichonse. Anandiyeza ndi tepi ngati akuyeza zenera, n'kundifunsa m'Chinyanja cha kwawoko.

"Manje mufuna bwanji, ba sisi? Tinyamule chabe, olo tifakemo?"

Ndinapuma mozama, n'kunena kuti tinyamule chabe. Nzeru zinali zikadalipo. Anapinda waya ndi pulayala, anaukulunga nsalu, makina analira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditavala. Anandipatsa galasi lalikulu. Ee, koma inu! Ndinadziona ndili mtsikana wa ku Ludzi uja, wotopako pang'ono, koma yemwe uja. Msana unawongoka wokha. Ndikanalipira pamenepo n'kutuluka, bwenzi lero ndilibe chokuuzani.

Koma Nangozo anapendeketsa mutu, n'kutulutsa mlomo. "Zili bwino," anatero. "Kungoti wa lesitilanti uja izi sangachite nazo mantha."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ndinamva pakamwa panga pakufunsa pokha: "Kodi zonse ziwiri sizingatheke?"

Amayi Tembo anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. Anati zimatheka, ndipo si ine woyamba. Anasokerera matumba m'kati, anatenga siponji ya khushoni yakale, n'kuyamba kudula. Anaika kumanja. Ndinayang'ana pagalasi, ndinati onjezani pang'ono. Anawonjezera. Nangozo anati pang'ononso. Anawonjezeranso. (Dyera lili ngati mchere wa m'manja mwa mwana, silidziwa polekera.) Pofika kumanzere siponji inali itatsala kachidutswa kopyapyala. Amayi Tembo sanavutike nazo. Anatenga nyuzipepala imene ankadulira mapatani a madiresi, anaing'amba, anaifinyafinya mpaka kufewa, n'kuiponda kuseri kwa kasiponjiko.

"Mukafika kunyumba muchotsemo, mufakemo thonje," anatero. "Apa n'zongoti mulinganize."

Ine ndinkafuna kuvula kuti ndiike m'chikwama, koma Nangozo anakana. Lamulo la amalonda a pa boda linali lodziwika: chimene chili m'thupi ndi chovala, chimene chili m'chikwama ndi katundu, ndipo katundu amalipira msonkho. Iye mwini anali atavala madiresi awiri ndi zitenje zingapo m'chiuno, akuyenda ngati wadwala nyamakazi. Ndinamvera katswiri. Ndinavala bulauzi yanga pamwamba, mabatani akulira, n'kutuluka.

Ulendo wobwerera ndinauyenda mwaulemu woopsa. Zala za kumapazi sindinkaziona. M'basi bambo wina wachikulire anandipatsa mpando, chinthu chimene sichinandichitikirepo chibadwire. Vuto linali limodzi: ndikapuma, kumanzere kunkamveka tswa, tswa, ngati mbewa ili m'nkhokwe. Ndinayamba kupuma pang'onopang'ono.

Tinafika pa boda dzuwa litapendeka, mzere wa madalaivala utafika pakhomo. Nangozo anadutsa ndi madiresi ake awiri popanda womufunsa. Ine ndinapereka chiphaso kwa mayi wa kasitomu yemwe uja. Anayang'ana nkhope yanga. Anatsitsa maso. Anakwezanso maso.

"Azakhali aja akupeza bwanji?"

"Akupezako bwino."

"Ndaona. Nanunso mwapezako bwino." Anaika cholembera pansi. "Mayi, m'mawa munadutsa pano muli nokha. Pano mwabwera atatu. Tiyeni kuseri kuno."

Apa m'pamene ndinazindikira chimene mwana aliyense wa pa boda ankadziwa. Malo amene ine ndinaika siponji ndi omwewo amene azimayi ozembetsa katundu ankaikamo mawotchi, mankhwala ndi ndalama zakunja. Mayi uja ntchito yake tsiku lonse inali yoyang'ana zifuwa, ndipo ankazikumbukira ngati mmene ine ndinkakumbukirira makasitomala anga.

M'kachipinda kakuseri sanandichite chipongwe ayi. Anati nditulutse ndekha. Ndinayamba kumanja: siponji, siponji, siponji inanso. Anaitenga, anaifinya kufuna wotchi, sanapeze kanthu. Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mayi a mandasi, zoona? Inu?"

"Ndi nkhani yaitali, achemwali."

"Ndi mwamuna, eti? Nkhani zazitali zonse ndi mwamuna. Tulutsani kwinako muzipita."

Ndinapisa dzanja kumanzere. Kanatuluka kasiponji, kenaka mapepala aja. Kuseka kwa mayi uja kunazima ngati nyali yothera mafuta. Anatambasula kachidutswa kamodzi, anaona kuti ndi nyuzipepala ya ku Zambia, n'kukhala pansi.

Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo ku Lusaka kunkakhala anthu othawa kuno, amene mayina awo sitinkatchula ngakhale tili kumunda. Pepala lochokera tsidya ilo, lobisidwa m'thupi, linkatha kumutengera munthu kumalo kumene abale sankafunsa kuti ali kuti. Ine zandale sindinkazidziwa, Chingerezi sindinkawerenga, koma izi zokha ndinkazidziwa.

"Izi sindingabise, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndikabisa, mawa ndine. Tiyeni kwa bwana."

Bwanayo analibe ofesi yotseka, ankakhala kumapeto kwa kauntala yomweyo, pamaso pa mzere wonse. Mayi uja anaika siponji pakauntala, mulu wake ndithu, n'kuika mapepala pambali. Ine ndinaima nditafunda chitenje mpaka m'khosi, bulauzi ili khwepe. Bwana anavala magalasi, n'kuyamba kuwongola kachidutswa kalikonse ndi chikhatho. Mapepalawo anali ofunda, onyowa ndi thukuta langa. Anawerenga mosafulumira, kutsogolo ndi kuseri. Nangozo ndinamuona pakhomo akuyang'ana denga ngati ndi iye anakhoma malata.

Munali za mpira. Munali chidziwitso cha maliro a munthu wina wa ku Kitwe, ndi chithunzi cha thirakitala. Bwana anavula magalasi.

"Zoopsa mulibe. Koma mayi, chinthu chosaopsa sabisa. Munabisiranji?"

"Sindinabise, bwana."

"Nanga munkatani?"

"Ndinkawonjezera."

"Kuwonjezera chiyani?"

Bwana anayang'ana siponji, anayang'ana chitenje changa, ndipo ndinaona nkhope yake ikumvetsa pang'onopang'ono. Kumbuyo wina anatsokomola chifuwa chabodza. Koma bwana sanaseke, chifukwa naye ankaopa kuti pamzerepo pangakhale khutu la boma.

"Alipo pano amene akukudziwani, woti achitire umboni kuti si inu wotumidwa? Apo ayi mugona pano, nkhaniyi ipite kwa ena."

Ndinati palibe. Ndinatembenuka kuti ndimuitane Nangozo ndi maso, ndipo amene ndinaona si Nangozo. Kumapeto kwa mzere kunali bambo a Yohane, amene anali ku Lilongwe aja, mapepala ali m'khwapa. Pambali pawo, pakhomo, panali mayi wina atanyamula thireyi ya makapu a tiyi. Sindinafunse kuti ndi ndani. Nangozo sananame za khonde lija.

Ndinkafuna nthaka ing'ambike. Masiku amenewo anthu ankakana abale awo enieni chifukwa cha pepala, ndipo bambowa ntchito yawo inali m'manja mwa bwana yemweyo. Akanangoyang'ana pansi, palibe akanawadzudzula. Anaima kanthawi, ndipo kanthawi kameneko ndinakamva kutalika. Kenaka anavula chipewa, n'kudutsa madalaivala onse mpaka pakauntala.

"Bwana, awa ndi akazi anga. Amayi a ana anga. Zandale sadziwa, Chingerezi sawerenga ngakhale chilembo chimodzi. Mlandu wawo ndi womwe mukuuona pakauntalawu."

Bwana anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndi akazi anu?"

"Anga, bwana. A ukwati wa mu tchalitchi."

"Nanga kunyumbako simuwayamikira?"

Pamenepo ndiye mzere wonse unaphulika. Madalaivala anaseka mpaka kugwirana mapewa, wina anatuluka panja kukasekera kumeneko. Bwana anasunga mapepala aja m'dirowa, n'kukankhira siponji kwa ine ndi cholembera. Anati imeneyo ilibe msonkho, nditenge. Ndinaitola ndi manja anga, chidutswa chimodzichimodzi, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje ngati ndagula tomato.

Bambo a Yohane anandikweza pa kaliyala ya njinga yawo. Tinanyamuka tcheni chikulira. Pa chitunda china tinatsika kuti tikankhe, ndipo m'pamene anatsegula pakamwa, maso ali kutsogolo.

"Amake Yohane, anakuuzani ndani kuti ine ndikufuna siponji?"

"Nanga inu anakuuzani ndani kuti Lilongwe ali pa boda?"

Tinakankha njinga mpaka pamwamba. Ndisanakwerenso anati, osandiyang'anabe, "Aja munachoka nawo m'mawa aja analera ana anga asanu. Sindinawanyozepo ine." Ndinalira, abale. Ndinalira pa kaliyala mpaka pa Boma, chifukwa cha manyazi, chifukwa cha mantha aja, komanso chifukwa ndinali wokondwa, zonse pamodzi.

Za mayi wa lesitilanti sindinafunsenso, ndipo iwo sananenepo. Koma nkhani yanga inakwera malole. Pasanathe mlungu inali itafika ku Lusaka ndi ku Lilongwe, ndipo amuna anga anapatsidwa dzina loti Bambo Siponji. Akalowa pa lesitilanti paja, madalaivala ankaimika manja awiri pachifuwa n'kumafinya mpweya, wina n'kufuula kuti, "Onjezani pang'ono!" (Amene anawauza mawu amenewa ndi Nangozo, palibenso wina, ngakhale anakana mpaka imfa yake.) Munthu wa ulemu wake sakanatha kumeza chakudya pamalo otero. Anayamba kunyamula mbatata yophika m'chikwama, ndipo madzulo aliwonse belu la njinga linkalira pakhomo pathu, kaya magalimoto achuluka, kaya tayala laphwa.

Apa ndiyenera kunena kuti ndinaphunzira kukhutira ndi zimene Mulungu anandipatsa. Likhala bodza. Siponji ndinatsukira mapoto, inde, koma kamisolo wa waya uja ndinamuvala Lamlungu lililonse mpaka waya anatuluka n'kundibaya m'nthiti pa nthawi ya ulaliki. Atsikana a masiku ano akandionetsa pa foni za madokotala okweza ndi owonjezera, n'kundifunsa kuti chabwino n'chiti, ndimati kwezani zanu zomwe, ndipo galasi likati zakwana, mnzanu asalankhulepo.

Bambo a Yohane anagona kunyumba kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Ngati chinawabweza chinali chikondi kapena kuopa madalaivala, sindikudziwa. Ndinali ndi zaka zambiri zoti ndiwafunse, koma ndinkaopa kuti angandiuze zoona.